KUTOLA NDI KUSUNGA MIYALA M'KALASI: DZINA LIBWERE POMALIZA

Mau Oyamba

Chaka chatha, pamene tinali kuyendera ophunzira athu amene anali kuyesera ntchito ya uphunzitsi m'sukulu za kumidzi, tidaona chinthu chimene chatikakamiza kulemba nkhani ino. Tidakhala kumbuyo kwa kalasi la Sitandade 6 pa sukulu ina, ndipo phunziro linali la mitundu ya nthaka. Phunziro lili m'kati, mtsikana wina adaimika mkono, natulutsa kamwala kachikasu konyezimira, nafunsa kuti, "Aphunzitsi, kodi kamwala aka n'chiyani?" Anzake adayamba kufuula kuti, "Golide! Golide!" Mphunzitsi wathu uja adakatembenuza kaŵiri katatu, natiyang'ana cham'mbali, ndipo poopa kuoneka wosadziŵa pamaso pa ana ndi pamaso pathu, adayankha kuti, "Inde, akuoneka kuti ndi golide."

Patapita mlungu umodzi tidabwererako, ndipo tidapeza kuti anyamata angapo a m'kalasilo adajomba masiku atatu. Anali kumtsinje, kufukula gombe ndi makasu a makolo ao, pansi pa dothi limene likadatha kuŵagumukira nthaŵi ina iliyonse. Tidabwereka kamwala kaja, tidakakhutiza kunsi kwa mbale yadothi yosweka, ndipo kadasiya mzere wakuda. Tidagogoda kachidutswa kake ndi nyundo, ndipo kadanyenyeka. Golide amasiya mzere wachikasu, ndipo pomumenya amaphwatalala, sanyenyeka ai. Kamwalako kanali pyrite, mwala wa chitsulo ndi sulufule umene wanyenga anthu ambiri pa dziko lapansi. Kuyesa konseku sikudatitengere mphindi zisanu.

Cholakwa cha mphunzitsi uja sichinali kusadziŵa. Akatswiri adazindikira kale mitundu ya miyala yotere yoposa 5,000, ndipo palibe mphunzitsi angaidziŵe yonse. Cholakwa chake chinali kutchula dzina asanayese. Tsono m'nkhani ino tifuna kuonetsa kuti kutola ndi kusunga miyala ndi njira yosalira ndalama yophunzitsira ana kuona, kuyesa ndi kulemba, ndi kuti pa ntchito imeneyi dzina la mwala liyenera kubwera pomaliza.

Thanthwe, Minero ndi Kristalo

Tisanapite kutchire ndi ana, tiyenera kusiyanitsa mau atatu. Tikaswa chidutswa cha thanthwe la m'phiri n'kuchiyang'anitsitsa, tidzaona timadontho tosiyanasiyana: tina toyera ngati galasi, tina tofiirira, tina takuda tonyezimira. Thanthwe ndi msanganizo, monga momwe chikondamoyo chilili msanganizo wa ufa, mchere ndi soda. Chilichonse cha zinthu zosanganikazo ndicho minero. Minero aliyense ali ndi mapangidwe akeake ndi kulimba kwakekwake kulikonse kumene angapezeke. Quartz wa ku Mzimba ndi quartz wa ku Brazil ndi chinthu chimodzi. Nsangalabwi zoyera zimene ana amaseŵera nazo kumtsinje, zambiri mwa izo ndi quartz yemweyo amene madzi adamusalaza.

Minero akapeza malo ndi nthaŵi yokwanira pamene ali kupangika, amakula ndi mbali zosalala ndi ngodya zolongosoka ngati kuti mmisiri adamusema. Ameneyo ndiye kristalo. Mchere umapanga timabokosi ta mbali zofanana. Quartz amapanga mizati ya mbali 6 yosongoka kunsonga. M'chaka cha 1669, Nicolas Steno wa ku Denmark adaonetsa kuti makristalo a quartz, aakulu kapena aang'ono, onenepa kapena oonda, ali ndi ngodya zofanana pakati pa mbali zao. Mbali za mzati wa quartz zimakumana pa madigiri 120 nthaŵi zonse. Apa mphunzitsi wochenjera waona kale kuti phunziro la sayansi lagwirana chanza ndi la masamu.

Miyala ya Dziko Lathu

Ena a ife timaganiza kuti miyala yokongola imapezeka ku maiko akutali okha. Si choncho ai. Phiri la Malosa, kumpoto kwa Zomba, ndi lodziŵika kwa osunga miyala pa dziko lonse lapansi chifukwa cha aegirine, minero wakuda woŵala amene amakula ngati timizati tosongoka, tina totalika kuposa chala cha munthu wamkulu. Minero ameneyu adayamba kufotokozedwa ku Norway, ndipo adamutcha dzina la Aegir, mulungu wa nyanja m'nthano za anthu a kumeneko. Koma makristalo a ku Malosa ali m'gulu la okongola koposa amene adapezekapo. Kaŵirikaŵiri amamera pamodzi ndi feldspar woyera ndi quartz wa maonekedwe a utsi. Amene adakwerapo phiri la Zomba adaona anthu ataiyala miyala imeneyi m'mbali mwa njira kuti alendo agule. Ina imakafika mpaka ku Tucson m'dziko la America, kumene kumachitika chionetsero chachikulu cha miyala chaka ndi chaka kuyambira 1955.

Kodi makristalo aakulu chonchi adadza bwanji? Zaka zoposa mamiliyoni 100 zapitazo, thanthwe losungunuka ndi kutentha lidakwera kuchokera pansi, koma silidatulukire kunja. Lidazizira pang'onopang'ono m'kati mwa nthaka, ndipo m'ming'alu ndi m'mapanga mmene munatsalira madzi otentha, maminero adapeza danga lokula mosapanikizika. Pambuyo pake mvula ndi mitsinje zidakokolola zimene zinali pamwamba, mpaka mapiri a Zomba ndi Malosa adaonekera monga tiŵaonera lero.

Madera enanso ali ndi zao. Pa phiri la Chimwadzulu m'boma la Ntcheu padapezeka corundum m'chaka cha 1958, minero amene akakhala wofiira timamutcha ruby, ndipo akakhala wa maonekedwe ena timamutcha sapphire. Ku Mzimba kuli aquamarine, mica ndi quartz wa mitundumitundu. Kufupi ndi Ngabu m'boma la Chikwawa kuli agate wobiriŵira ngati thambo. Pa phiri la Ilomba ku Chitipa pali sodalite. Ku Malingunde m'boma la Lilongwe kuli graphite, ndipo ku Balaka kuli miyala ya njereza. Sitikunena kuti sukulu iliyonse ili pafupi ndi malo otere. Koma palibe sukulu m'Malaŵi muno imene ingalephere kupeza mitundu 5 kapena 6 ya miyala pa mtunda wongoyenda pansi.

Kodi Mwala Wabwino Ndi Wotani?

Osunga miyala amene adazama pa ntchitoyi amayang'ana zinthu zingapo. Amafuna kristalo amene mbali zake n'zathunthu ndipo nsonga yake njosabenthuka. Amafuna woŵala bwino. Amakondwera koposa akapeza kristalo akali chikhalire pa chidutswa cha thanthwe limene adamerapo, pakuti chidutswacho chimafotokoza mmene iye adapangikira. Koma chachikulu pa zonse ndi kapepala konena kumene mwalawo udachokera. M'nyumba zosungiramo zinthu za sayansi, monga Natural History Museum ya ku London, mwala uliwonse uli ndi nambala ndi mbiri yake, ndipo timapepala takale timasungidwa mosamala ngati mwala womwewo.

Chifukwa chake n'chapafupi. Dzina likasoŵa, katswiri angathe kuyesa mwalawo ngakhale patapita zaka 100, n'kulipeza. Koma malo akaiŵalika, aiŵalikiratu. Motero nsangalabwi wamba imene mwana walemba kuti adaitola pa doko lakutilakuti, tsiku lakutilakuti, ili ndi phindu lalikulu m'kalasi kuposa kristalo wonyezimira amene palibe akudziŵa kwao. Mfundo imeneyi imachotsa mpikisano woipa pakati pa ana, popeza mwana wa mphaŵi amene walemba bwino amapambana mnzake amene atate ake adamugulira mwala wokongola pamsika.

Ulendo Wokatola

Mphunzitsi ayambe wayendera yekha malowo tsiku lisanafike. Malo abwino ndi mtsinje wouma m'chilimwe, munda wolimidwa kumene, ndi tsinde la phiri pamene pali miyala yogumuka kale. Apemphe chilolezo kwa mphunzitsi wamkulu, kwa nyakwaŵa ndi kwa mwini munda. Ana aŵagaŵe m'magulu a anthu 5 kapena 6, ndipo gulu lililonse likhale ndi mlembi wake, pensulo, timapepala, nyuzipepala zakale zokulungira, ndi thumba. Gulu lililonse litole miyala yosaposa 10, yosiyana maonekedwe, yosakula kuposa nkhonya ya mwana. Tikapanda kuika malire, ana adzasenza miyala yodzaza ngolo, yonse ya mtundu umodzi.

Lamulo loyamba ndi ili: mwala usaloŵe m'thumba usanalembedwe. Mlembi alembe pomwepo malo, tsiku, dzina la wotola, ndiponso ngati mwalawo unali wongogona pansi kapena unali m'thanthwe. Mwala wa mumtsinje ungakhale utachokera kutali, pamene wa m'thanthwe ndi mbadwa ya pomwepo. Akulunge mwala ndi kapepala kake m'nyuzipepala imodzi kuti makristalo asagundane n'kubenthuka.

Pa za chitetezo tisanyengerere. Ana asaloŵe m'maenje a migodi, m'mapanga, kapena pansi pa gombe lolendeŵera. Potembenuza mwala agwiritse ntchito ndodo, chifukwa pansi pake pamakhala zinkhanira ndi njoka. Nyundo ikhale m'manja mwa mphunzitsi yekha. Poswa, aphimbe mwalawo ndi chiguduli, ana ataima patali, pakuti kachidutswa ka quartz kangathe kuboola diso. Mwana asanyambite mwala uliwonse, ndipo onse asambe m'manja pobwerera. Tisatole kanthu kumanda kapena pa malo a kachisi. Matanthwe a zojambula zamakedzana, monga a ku Chongoni m'boma la Dedza amene UNESCO idaŵaika m'kaundula wa chuma cha dziko lapansi m'chaka cha 2006, sayenera kukhudzidwa ndi nyundo m'pang'ono pomwe. Tikumbukirenso kuti kukumba miyala pofuna kugulitsa kumalira chilolezo cha Boma. Ife tikutola zophunzirira, osati malonda.

Kuyesa Miyala

Pobwerera ku sukulu, ana atsuke miyala ndi madzi ndi mswachi wakutha, aiumitse, kenaka aiyese motsata ndondomeko iyi.

1. Maonekedwe. Ana afotokoze ndi mau aoao zimene akuona: kodi mwala ukuŵala ngati galasi, ngati chitsulo, kapena ngozimirira ngati dothi? Kodi uli ndi mbali zosalala? Ndi zingati? Aujambule m'kope. Koma tiŵachenjeze kuti mtundu wa mwala ndi mboni yonama. Quartz amakhala woyera, wotuŵa, wofiirira, kapena wa utsi, koma yense ndi quartz. Chimene chimasintha mtundu ndi tizinthu tochepa zedi toloŵerera m'kati. Chromium pang'ono ndiye amafiiritsa ruby. Popanda iye mwalawo ukadakhala corundum wamba. Akulu adati chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere.

2. Kulimba. M'chaka cha 1812, Friedrich Mohs wa ku Germany adandandalika maminero 10 kuyambira wofeŵa kufikira wolimba: talc 1, gypsum 2, calcite 3, fluorite 4, apatite 5, orthoclase 6, quartz 7, topaz 8, corundum 9, ndi dayamondi 10. Minero aliyense amakanda amene ali pansi pake. Ife tilibe maminero onseŵa, koma tili ndi chikhadabo chimene kulimba kwake ndi pafupifupi 2.5, waya wamkuwa pafupifupi 3, ndiponso mpeni ndi galasi la botolo pafupifupi 5.5. Mwana ayambe ndi chikhadabo, kenaka waya, kenaka mpeni kapena msomali, ndipo potsiriza ayese ngati mwalawo ungakande botolo lathunthu. Atakanda apukute ndi chala chonyoŵa. Mzere ukafufutika, ndiye kuti unali fumbi chabe la chokandiracho.

3. Mzere. Tikhutize mwala pa mbali yosapakidwa ya mbale kapena kapu yadothi yoyera, monga kamkombero ka kunsi kwake. Mtundu wa fumbi lotsalapo sunama monga umachitira mtundu wa mwala. Hematite angaoneke wakuda, koma mzere wake ngofiira. Mwala wolimba kuposa mbaleyo sudzasiya mzere, ndipo zimenezonso ndi zoyenera kulemba.

4. Kasweke. Mica amasendeka m'timapepala topyapyala toonekera kuseri. Feldspar amasweka mosiya mbali zosalala zoŵala. Quartz amasweka ngati galasi, mopanda dongosolo.

5. Viniga ndi maginito. Tipale mwala ndi msomali kuti patuluke fumbi, tidonthezepo viniga. Pakatuluka thovu, mwalawo uli ndi calcite, ndiye kuti ndi wa gulu la njereza. Maginito, amene tingachotse m'sipika ya wailesi yakufa, amakoka magnetite. Ana a kunyanja ayese mchenga wakuda wa pagombe, ndipo adzadabwa.

Mayeso aŵa akatha, ana afanizire zimene apeza ndi tchati limene mphunzitsi walemba pa bolodi. Mwala woyera umene wakanda botolo, wosatulutsa thovu, wosweka ngati galasi, mwina ndi quartz. Woyera umene msomali waukanda ndipo watulutsa thovu, mwina ndi calcite. Wakuda woterera umene walemba pa pepala, mwina ndi graphite. Timwala tofiira timene ana ambiri amati ndi ruby nthaŵi zambiri timakhala garnet. Ruby weniweni amakanda quartz mosavuta. Taonani kuti tanena "mwina" katatu konse. Liu limeneli si chizindikiro cha ulesi. Ndi liu la munthu wa sayansi amene akudziŵa pamene umboni wake walekezera.

Kaundula wa Miyala

Pa mwala uliwonse tidontheze kadontho ka penti yoyera pa mbali yosaonekera, ndipo ikauma tilembepo nambala. Nambala yomweyo ilembedwe m'kope lapadera limene ndilo kaundula wa kalasi. Tsamba lililonse likhale ndi mizere ya nambala, malo, tsiku, wotola, zotsatira za mayeso, ndipo mzere wotsiriza ndiwo wa dzina. Polemba malo titchule mudzi, mfumu yaikulu ndi boma, ndi chizindikiro chimene mlendo angachipeze, monga mlatho kapena chitsime. Zonse zilembedwe ndi inki, koma dzina lokha lilembedwe ndi pensulo, kuti tikadzadziŵa bwino tidzathe kufufuta popanda manyazi. Ngati dzina silikudziŵika, mzerewo ukhale wopanda kanthu. Miyala imene yatikanika tingathe kukaionetsa kwa akatswiri a nthambi ya Boma yofufuza za miyala, imene likulu lake lili ku Zomba.

Zosungiramo sizisoŵa. Mabokosi a machesi omatidwa pamodzi amasunga timiyala ting'onoting'ono. Mathireyi a mazira ndi makatoni a sopo amasunga yokulirapo. Miyala ikhale pa thebulo la sayansi pamene ana angaigwire, osati m'kabati ya mphunzitsi wamkulu. Tisankhe ana aŵiri mlungu uliwonse oti aziŵerenga miyala ndi kupukuta fumbi. Posamuka pa sukulupo, mphunzitsi asiye miyala ndi kaundula pamodzi, pakuti chimodzi popanda chinzake n'chakufa.

Kumeretsa Makristalo M'kalasi

Ana sakhulupirira msanga kuti kristalo amakula yekha popanda womusema. Tiŵaonetse ndi mchere. Tisungunule mchere m'madzi otentha, tikuthirabe ndi kutakasa kufikira wina utayamba kutsalira pansi. Tisefe madziwo ndi kansalu koyera, tiŵagaŵe m'timbale tiŵiri. Kamodzi tikaike padzuŵa, kena tikaike pamthunzi pamene palibe wokagwedeza. Ka padzuŵa kadzauma msanga n'kusiya timakristalo ting'onoting'ono tothithikana. Ka pamthunzi kadzatenga masiku ambiri, koma kadzapatsa timabokosi tokulirapo ta ngodya zooneka bwino. Ana azijambula zimene akuona m'maŵa uliwonse. Ena adzafuna kutakasa ndi chala. Tiŵakumbutse kuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Kenaka tiŵafunse: ngati makristalo aakulu amafuna nthaŵi yaitali ndi malo odekha, nanga makristalo a ku Malosa akutiuza chiyani za mmene phirilo lidapangikira? Tisaŵayankhire. Mwana amene wafika yekha pa yankho lakuti thanthwelo lidazizira pang'onopang'ono sadzaiŵala, pamene wongouzidwa adzaiŵala mayeso akangotha.

Mau Omaliza

Tibwerere kwa mphunzitsi wathu uja. Titakambirana naye, adaimirira pamaso pa kalasi lake nati, "Ana inu, ndidalakwa. Ndidatchula dzina ndisanayese. Tiyeni tiyese pamodzi." Tinkaopa kuti ana adzamupeputsa, koma sizidatero. Anyamata okumba aja ndiwo adayamba kulimbirana mbale yosweka ija. Mtsikana mwini mwala adalemba kamwala kake kukhala nambala 1 m'kaundula, ndipo pofika kumapeto kwa teremu kaundulayo anali atadzaza masamba angapo. Pa miyala ina mzere wa dzina unali wopanda kanthu, ndipo palibe adachita nazo manyazi.

Inu aphunzitsi a maŵa, tsiku lina mwana adzakutambasulirani dzanja muli kamwala. Mukadzayankha kuti "ndi mwala chabe, khala pansi," mudzapha chidwi chake. Mukadzatchula dzina longopeka, mudzamusokeretsa, ndipo mwina mudzamutumiza ku dzenje. Yankho loyenera lili ndi mafunso aŵiri: "Udakatola kuti? Nanga tingakayese bwanji?"

Ntchito Yoti Tichite

1. Pa tchuthi chikudzachi, wophunzira aliyense abwere ndi miyala itatu ya kwao, uliwonse ndi kapepala kake. Popeza tidachokera m'maboma osiyanasiyana, tikasinthana aliyense adzakhala ndi poyambira pa sukulu imene adzatumizidwe.

2. Konzani phunziro la mphindi 35 la Sitandade 6 lophunzitsa kuyesa kulimba kwa miyala, pogwiritsa ntchito zipangizo zopezeka pamudzi zokha.

3. Kholo labwera ku sukulu ndi mwala wofiira, ndipo likufuna kuti inu, monga munthu wophunzira, mutsimikize kuti ndi ruby. Kodi mudzaliyankha motani mwaulemu, popanda kunama ndiponso popanda kulichititsa manyazi?